Kodi Nyumba Yanu Mukuidziŵa?

Ana athu a Sande Sukulu amaidziŵa bwino nkhani ya anthu aŵiri aja, wina womanga pathanthwe, wina womanga pamchenga. Koma tikaŵaimika pabwalo ndi kunena kuti atiloze phaso, nsichi kapena mphuthu, ambiri amangoyang'anana. Izi nzodandaulitsa, pakuti mnyamata wosadziŵa ziwalo za nyumba sangathe kutsutsa mmisiri amene akumunamiza, ndipo maŵa lino ndiye adzagoneke mkazi ndi ana m'nyumba imeneyo.

Makolo athu analibe simenti, komabe chiwalo chilichonse cha nyumba yao chinali ndi dzina ndi ntchito yake. Ankazika nsichi mozungulira, nazimanga pamodzi ndi nsungwi ndi luzi, kenaka nkuphoma ndi dothi. Pakati pankaima mzati wochirikiza tsindwi, ndipo mapaso ankatsika kuchokera pamwambapo kufika pa nsanamira za pakhonde. Achinyamata amayesa kuti khonde ndi malo ochezera basi. Ai, ntchito yake yaikulu ndiyo kuteteza khoma: denga likatambalala bwino, mvula imagwera kutali, ndipo chiundo chimene amai ankazira chaka ndi chaka chinkaletsa madzi kudya khoma kunsi. Nyumba zambiri za masiku ano zili ndi malata onyezimira ongolekeza pakhoma penipeni. Khoma lotere limamwa mvula yonse ya Januwale.

Makoma a kwathu kuno ndi a mitundu ingapo: a mdindo, a zidina zoumitsa padzuŵa, a njerwa zootcha ndi a maboloko a simenti. Pa za njerwa, mpingo wathu uli ndi mboni yake. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za mamangidwe. Anthu akuno, amene anali asanamangepo nyumba yotere, ndiwo anaumba njerwa m'zikombole zamatabwa, naziotcha pomwepo, ndipo njerwazo zinali za maonekedwe 81 osiyanasiyana. Papita zaka zoposa 130 tchalitchicho chikali chiimire. Dothi lake ndi lomweli timapondali. Chosiyana ndi chisamaliro. Njerwa yopsa bwino imalira ngati chitsulo mukaigogoda ndi inzake, pamene yosapsa imalira mogonthera ndipo imafumbutuka m'manja. Za m'mphepete mwa uvuni nthaŵi zambiri sizipsa, choncho musalole kuti ziloŵe m'maziko ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo.

Tsono tifike pa zimene diso siliona nyumba ikatha, chifukwa mpamene anthu amabera ndi kuberedwa. Ngalande ya maziko ikumbidwe kufikira dothi lolimba, osati kulekeza pa dothi lakuda lapamwamba limene timalimapo chimanga. Maziko akwere ndithu pamwamba pa nthaka, kuti madzi oyenda pabwalo asaloŵe m'nyumba. Pamwamba pa mazikowo, khoma lisanayambe, amayala pepala lakuda la pulasitiki. Ambiri amalisiya poyesa kuti nlopanda pake, koma ndilo limaletsa chinyontho kukwera m'njerwa. Mukaona khoma likusupuka pulasitala kunsi ndi kutuluka zoyera ngati mchere, dziŵani kuti pepalalo palibe.

Pamwamba pa zitseko ndi mazenera payenera kudutsa mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo m'kati. Wabwino koposa ndi wozungulira nyumba yonse osaduka, umene amisiri amautcha ring beam. Umagwira makoma onse ngati lamba. Tisaiŵale kuti dziko lathu lili m'chigwa chachikulu cha zivomezi: chivomezi chinagwedeza Salima mu Malichi 1989, ndipo zina zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga mu Disembala 2009. Ngakhale popanda chivomezi, mvula ya masiku angapo, monga ija ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, imafeŵetsa dothi lomangira njerwa, khoma nkugwa usiku anthu ali m'tulo. Ndipo pomanga mtandawo mpamene amakwirira mawaya odzamangira mitengo ya denga. Denga lopanda mawaya ndi lija timaliona lasanjikidwa miyala ndi matayala akale, kudikira mphepo ya kumayambiriro kwa dzinja.

Simenti imabwera m'matumba a makilogalamu 50, ndipo chiyeso cha womanga aliyense ndicho kuichulutsira mchenga kuti thumba lipite patali. Pomangira njerwa, muyeso umodzi wa simenti ku miyeso 6 ya mchenga ndi wokwanira. Pa konkire wa mtanda uja, muyeso umodzi wa simenti, iŵiri ya mchenga ndi inai ya miyala yoswa. Mchenga ukhale wakumtsinje, wopanda dothi. Konkire akatsanulidwa azithiriridwa madzi masiku 7, pakuti simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuŵa. Iyi ndi ntchito yoti ana angaigwire pochokera kusukulu.

Pogula malata funsani geji, ndipo kumbukirani kuti nambala yaing'ono ndiyo lata lochindikala: geji 28 imaposa geji 32. Za matabwa, mdani ndi chiswe. Kale ankatama mkungudza wa ku Mulanje chifukwa chiswe sichiudya, koma mtengowo unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Paini ndi bulugamu nzabwino zikauma ndi kupakidwa mankhwala.

Mitengo yomweyo ndiyo yabweretsa kusintha kwina. Uvuni umodzi umadya nkhuni zochuluka, ndipo mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. Nchifukwa chake maboloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindira pamakina, zafala. Nazonso zimafuna kuyesedwa: boloko losoŵa simenti limanyenyeka mukalikanda ndi msomali.

Pempho lathu kwa atsogoleri a achinyamata ndi ili: pamene mpingo ukumanga nyumba ya abusa kapena chipinda cha sukulu, pitani nao anyamata ndi atsikana tsiku lokumba maziko, tsiku loyala pepala lija ndi tsiku lotsanula mtanda. Mmisiri aŵatchulire maina, iwo agwire ndi manja, njerwa zina zisanakwirire zonsezo.