Kontena yopanda kanthu mumailipira ndinu

Mukaona thiraki ya kontena pa Mwanza ikulowera ku Beira, musaganize kuti yadzaza. Makontena ambiri amabwerera opanda kanthu chifukwa Malawi amaitanitsa katundu wambiri kuposa amene amagulitsa kunja. Ulendo wachabewo umalowa pamtengo wa kaunjika amene timagulayu.

Ine ntchito yanga ku Kanengo ndi yopezera makontena katundu wobwerera naye. Kontena ikangotsitsa, ndimathamanga kuifunira fodya kapena nandolo wopita ku India masiku aulere asanathe, apo ayi eni sitima zapamadzi amalipiritsa m'madola tsiku ndi tsiku. Koma a fodya ndi ovuta: amafuna ya mafiti 40, youma, yosanunkha. Imene inabwera ndi matayala, aaa, amaibweza pageti pomwepo.