Mtima Ukadwala

Mtima wa munthu ndi waung'ono ngati chibakera chake, koma ntchito yake ndi yaikulu. Usana ndi usiku umapopa magazi kuti afike m'thupi monse. Pa tsiku limodzi umagunda pafupifupi ka 100,000.

Nawonso mtima umafuna chakudya ndi mpweya. Izi zimafika kudzera m'mitsempha imene yakuta mtimawo. Mitsemphayi ili ngati ngalande za m'dimba. Matope akadzaza ngalande, madzi safika ku mbewu ndipo mbewuzo zimafota. Chimodzimodzinso mafuta akaunjikana m'mitsempha, magazi amadutsa movutikira. Kusuta fodya, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimakulitsa vutoli.

Mtima ukayamba kuvutika umachenjeza mwini wake. Mlimi amene kale ankapalasa njinga kuchokera ku Embangweni mpaka ku Jenda amayamba kuchita befu pa kachitunda kakang'ono. Wina amamva ngati chimwala chamupsinja pachifuwa, ndipo ululu umafika kumkono wakumanzere kapena kunsagwada. Wina amatupa mapazi ndi kubanika akagona chagada. Ululu wa pachifuwa ukadza pamodzi ndi thukuta ndi chizungulire, si bwino kudikira kuti kuche. Wodwalayo apite naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Anthu a kumwera kwa boma la Mzimba amapita kuchipatala chaching'ono cha kwawo, kuchipatala cha mishoni ku Embangweni, kapena kuchipatala cha pa boma. Dokotala amafunsa m'mene ululu unayambira, nayeza kuthamanga kwa magazi ndi lamba wopopa pamkono. Kenaka amamvetsera kugunda kwa mtima ndi chipangizo cha m'makutu, chimene anachitulukira René Laennec wa ku France mu 1816.

Matenda akaoneka aakulu, wodwala amatumizidwa kuchipatala chachikulu ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Kupima kumodzi kumatchedwa ECG. Namwino amamata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, ndipo makina amalemba mizere papepala yosonyeza kagundidwe ka mtima. Makina ena amaonetsa mtima pagalasi ngati kanema, ndipo dokotala amaona timakomo take tikutseka ndi kutseguka. Kupima kuwiri konseku sikupweteka ayi.

Mtsempha ukatsekeka kwambiri, akatswiri amalowetsa kapaipi kowonda mumtsempha wa pamkono kapena wa pantchafu mpaka kukafika kumtima. Kunsonga kwake kuli kabaluni kamene amakafufumitsa kuti njira ikule. Pamenepo amasiyapo kawaya kolukidwa ngati mono, kuti mtsemphawo usatsekekenso. Nthawi zambiri wodwala amakhala ali maso, chifukwa amangochititsa dzanzi pamalo polowetsera kapaipiko. Woyamba kutsegula mtsempha wa mtima ndi baluni anali Andreas Grüntzig, ku Zurich, mu 1977. Odwala ambiri a m'Malawi ofuna chithandizo chotere akhala akutumizidwa ku India ndi ku South Africa, ndipo ulendowo umadya ndalama zambiri.

Matenda a mtima si a akuluakulu okha. Mwana akadwala zilonda za pakhosi osalandira mankhwala oyenera, timakomo ta mtima wake tingawonongeke moyo wake wonse. Choncho mwana wanzeru sabisa pakhosi pakamapweteka, koma amauza makolo msanga. Akaonanso agogo ake akubanika kapena atatupa mapazi, amadziwitsa akuluakulu. Paja akale anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Mafunso
1. Kodi mitsempha ya mtima ikufanana bwanji ndi ngalande za m'dimba?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za matenda a mtima.
3. Kodi kabaluni kamagwira ntchito yanji mumtsempha?
4. Nchifukwa ninji mwana sayenera kubisa zilonda za pakhosi?