Kodi Makina Angadziwe Mtengo wa Dzina la pa Intaneti?

Lero tikambirana za malonda a maina. Malo ali onse a pa intaneti ali ndi dzina limene munthu amalemba pofuna kufikako, ndipo dzinalo limathera ndi mcira wake, monga .com, kapena .zm wa dziko lathu la Zambia. Mwini dzina angathe kuligulitsa monga momwe mlimi agulitsira ng'ombe. Funso nlakuti: aligulitse ndalama zingati?

Pofuna yankho, anthu ambiri amapita ku makina oyerekezera mitengo, monga a EstiBot ndi a kampani ya GoDaddy. Munthu amalemba dzina lake, ndipo pakamphindi kocepa makinawo amachula mtengo. Nchito yao njotere: amawerenga kutalika kwa dzinalo, amaona mcira wake, amayesa kuculuka kwa anthu ofufuza liulo, kenaka amalilinganiza ndi maina ofanana nalo amene anagulitsidwa kale. Pa maina wamba a Cingerezi othera ndi .com, amene agulitsidwa ambirimbiri, njira imeneyi imathandizadi.

Koma sikelo imangodziwa kulemera kwa ng'ombe. Siidziwa cosowa ca wogula. M'caka ca 2019, kampani ya MicroStrategy inagulitsa dzina la voice.com kwa a Block.one pa mtengo wa madola 30 miliyoni. Cimene cinakweza mtengowo ndi cakuti ogulawo anali kukonza nchito yatsopano yochedwa Voice, ndipo anafuna dzina lomwelo basi, pomwe ogulitsa analibe cangu. Zoterezi zimakhala m'mitima ya anthu awiri okambirana, kumene makina safikako.

Caciwiri, makina amaphunzira kucokera ku malonda a dzulo. Mcira wa .ai ndi wa kacisumbu ka Anguilla, ndipo kwa zaka zambiri unalibe mbiri. ChatGPT itatuluka mu November 2022, makampani anathamangira maina otere, mitengo nkukwera. Malonda akale sakanalosera zimenezi. Ndiponso malonda ambiri amacitika mwacinsinsi, kotero kuti mitengo yake siilowa m'kaundula amene makina amawerenga.

Kwa ife kuno, bvuto nlalikulu koposa. Maina a Cinyanja kapena Cibemba, ndi maina othera ndi .zm, sagulitsidwa kawirikawiri poyera. Makina akasowa colinganiza naco, amangoponya mwala mumdima, ngakhale amachula nambala molimba mtima.

Cenjeraninso ndi akathyali. Ena amalembera mwini dzina kalata yolonjeza ndalama zambiri, koma nkumuuza kuti ayambe walipira cikalata cotsimikizira mtengo ku malo amene iwo asankha. Akalipira, wogulayo amazimirira.

Cotero, omvera, funsani makina awiri kapena atatu, muone mmene asiyanirana, ndipo mufufuze nokha mitengo imene maina ofanana ndi lanu anagulidwa nayo. Nambala ya makina ikhale poyambira kukambirana cabe. Mtengo weniweni udzadziwika tsiku limene wogula adzaturutsa ndalama. Tsalani bwino.