Gofu ya M'kalasi

Mau atsopano: gofu, dzenje, mbendera, zochinga, poyambira

M'nyengo ya dzinja mvula imagwa kawirikawiri. Nthawi yopumula ikakwana, panja pamakhala matope okhaokha. Ana amangokhala m'kalasi osowa cocita. Ena amayamba kuthamangitsana pakati pa madesiki, ndipo mapeto ake wina amagwa n'kulira. Koma alipo masewera amene ana angapange okha ndi kusewera m'kati popanda wodzipweteka. Masewerawa ndi gofu ya m'kalasi.

Kodi gofu n'ciani?

Gofu ndi masewera omenya kampira ndi ndodo mpaka kalowe m'dzenje. Masewerawa anayambira ku Scotland, dziko la ku Ulaya, zaka zoposa 500 zapitazo. Anthu kumeneko anawakonda kwambiri. Mu 1457 mfumu James II inawaletsa cifukwa amuna anali kusiya kuphunzira kuponya mivi, n'kumakasewera gofu. Lero gofu imaseweredwa m'maiko ambiri. Muno m'Zambia muli mabwalo a gofu ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Kitwe.

Bwalo la gofu ndi lalikulu kwambiri. Mabwalo ambiri a mpira wa miyendo angalowemo. Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18. Dzenje lililonse ndi laling'ono, kukamwa kwake ndi masentimita pafupifupi 11. Pa dzenje pamakhala mbendera kuti wosewera aione ali kutali. Panjira pamakhala mitengo, mcenga, madzi ndi udzu wautali. Zimenezi ndi zochinga. Zimavutitsa wosewera kuti asafike msanga pa dzenje.

Gofu ili ndi lamulo lodabwitsa. Mu mpira wa miyendo amapambana ndi amene ali ndi zigoli zambiri. Mu gofu amapambana ndi amene wamenya mpira kocepa.

Bwalo lalikulu m'cipinda cacing'ono

Bwalo la gofu silingalowe m'kalasi. Conco wopanga masewerawa amayamba wadzifunsa kuti, “Kodi ndi zinthu ziti zimene sizingasowe pa gofu?” Zinthuzo ndi zinai: poyambira, dzenje, zochinga ndi kuwerenga. Zikakhalapo zinaizi, gofu ilipo. Zina zonse zingasinthidwe ndi zinthu zopezeka pasukulu kapena kunyumba.

Mpira ndi ndodo

Mpira wa gofu yeniyeni ndi wolimba ngati mwala. Ungaswe galasi la pa windo kapena kupweteka munthu. M'kalasi mufunika mpira wofewa. Ana amafinya pepala lakale mpaka likhale lozungulira ngati ndimu, ndipo amalimanga ndi mphira. Sokosi yakale yokulungidwa bwino imagwiranso nchito.

Ndodo ikhale yowongoka, yofika m'ciuno mwa wosewera. Kunsonga kwake amamangirirako kabotolo ka pulasitiki copingasa. Kabotoloko ndiko kamamenya mpira.

Dzenje lopanda kukumba

Pansi pa simenti sipangakumbidwe. Nanga dzenje licokera kuti? Ana amatenga kapu ya pulasitiki n'kuigoneka cammbali. Amaika mwala kumbuyo kwake kuti isasunthe. Ena amatenga katoni n'kudulapo kakhomo. Mpira ukalowa pa kakhomo, ndiye kuti walowa m'dzenje.

Kakhomo kameneka kafunika kukaganizira bwino. Kakacepa kwambiri, mpira sulowa ndipo osewera amatopa. Kakakula kwambiri, aliyense amalowetsa mosavuta ndipo masewera sakoma. Kakhomo kabwino ndi kamene pangapite mipira iwiri pamodzi.

Pamwamba pa katoni amaimikapo kambendera ka pepala kokhala ndi nambala. Maenje atatu ndi okwanira m'kalasi. Poyambira amalembapo mzere ndi coko, mapazi khumi kucokera pa dzenje.

Zochinga

Apa ndiye pokoma. Pa simenti yosalala mpira umathamanga kwambiri, monga umacitira pa udzu waufupi wa pafupi ndi dzenje. Koma ukakwera pa saka umayenda pang'onopang'ono n'kuima. Motero saka imakhala mcenga. Miyendo ya mipando imakhala mitengo. Katoni yophwatalala yokhala ndi njerwa kunsi kwake imakhala kaphiri. Malo ozungulira ojambulidwa ndi coko amakhala dziwe.

Dziwe lili ndi cilango cake. Pa gofu yeniyeni, wosewera akaucotsa mpira umene wagwera m'madzi amawonjezera kumenya kumodzi pa nambala yake. M'kalasi ndi cimodzimodzi. Mpira ukaima m'dziwe la coko, mwini wake amautulutsa n'kuwonjezera 1.

Kuyesa ndi kukonzanso

Wopanga masewera wanzeru amayamba wawayesa. Amaitana anzake awiri kapena atatu kuti asewere, iye n'kumapenyerera. Onse akalowetsa mpira pomenya kamodzi cabe, ndiye kuti njira yapepuka. Amawonjezera cochinga cina. Onse akamenya kasanu ndi kamodzi osalowetsa, ndiye kuti njira yavuta. Amacotsako mpando umodzi kapena kusendeza dzenje pafupi. Njira yabwino ndi imene ambiri amatsiriza pomenya katatu kapena kanai.

Kuwerenga

Wosewera aliyense amawerenga mokweza nthawi zonse akamenya: “Kamodzi! Kawiri! Katatu! Walowa!” Pambuyo pake amalemba nambala yake pa bolodi.

Naci citsanzo. Mtsikana wamenya katatu pa dzenje loyamba, kawiri pa laciwiri ndi kanai pa lacitatu. Zonse pamodzi ndi 9. Mnyamata wamenya kanai, katatu ndi kasanu. Zonse pamodzi ndi 12. Wapambana ndi mtsikana cifukwa 9 ndi yocepa kuposa 12.

Pa gofu wosewera amafunika kunena zoona. Nthawi zina mpira umapita kuseri kwa desiki kumene anzake sauona. Kumeneko munthu angamenye kawiri n'kunena kuti wamenya kamodzi. Akatero angapambane, koma mawa anzake adzati, “Iyai, sitisewera nawe, umanama.” Masewera amathera pomwepo. Wosewera wabwino amati, “Ndamenya kasanu,” ngakhale adziwa kuti nambalayo imugonjetsa.

Malamulo osamalira anzathu

1. Ndodo isakwere kupitirira bondo.
2. Mpira uyende pansi, usauluke.
3. Osewera amenye mosinthana, mmodzimmodzi.
4. Wina akamamenya, ena onse aime patali ndi kukhala cete.
5. Masewera akatha, zinthu zonse zibwezedwe m'malo mwake.

Akuluakulu nawonso amapanga gofu ya m'nyumba. Ena amamenyera mpira pa cinsalu cacikulu coonetsa cithunzi ca bwalo, ndipo kompyuta imawauza kumene mpira ukanagwera. Makina amenewa ndi odula kwambiri. Gofu ya m'kalasi sifuna ndalama. Ifuna pepala, ndodo, katoni ndi ana oganiza bwino. Mvula ikagwanso, angasinthe malo a mipando ndi saka, ndipo bwalo limakhala latsopano.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi masewera a gofu anayambira kuti?
2. Chulani zinthu zinai zimene sizingasowe pa gofu.
3. N'cifukwa ciani mpira wa m'kalasi uyenera kukhala wofewa?
4. Kodi saka imaimira ciani?
5. Mwana wina wamenya 2, 5 ndi 3. Mnzake wamenya 4, 4 ndi 4. Ndani wapambana?
6. N'cifukwa ciani wosewera ayenera kunena zoona?

Zocita

M'magulu a ana anai, jambulani bwalo lanu la gofu. Onetsani poyambira, dzenje ndi zochinga ziwiri. Lembani ziganizo zitatu zofotokoza bwalolo.