Maliro opanda nyimbo

Azakhali anga ankaphika mowa. Ndiyambe ndi kunena zimenezi poyera, chifukwa pa maliro awo aliyense ankalambalala mawuwa ngati akulambalala linthumbwi m'njira. Unali mowa wamasese, wa chimera cha mawere, ndipo Loweruka lililonse pabwalo pawo pankadzaza anthu, chipanda chikuyenda kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Ndalama ya mowa umenewo ndi imene idandilipirira fizi kusekondale bambo anga atamwalira. Yunifolomu, nsapato zanga zoyamba, sutikesi yachitsulo yomwe ndidapita nayo kusukulu yogonera konko, zonsezo zidatuluka mu mbiya ya azakhali.

Mpingo wathu unkaletsa kuphika mowa, ndipo lamulolo aliyense ankalidziwa. Akulu a mpingo adawayendera kawiri. Kachitatu adawaitanira ku bwalo n'kuwaimitsa pa mgonero. Azakhali sadakangane nawo. Adangoti, "Mwanayu ayambe wamaliza sukulu, ndidzabwera ndekha kudzalapa." Kutchalitchi sadasiye. Lamulungu lililonse ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo tsiku la mgonero ankatuluka mwakachetechete anzawo akamayandikira ku gome. Koma imfa sidadikire kuti ndimalize sukulu. Adadwala masiku anayi okha, ine ndili Fomu 3.

Madzulo a tsiku limene adamwalira kudabwera uthenga wa mpingo: malemu adali pa chilango, choncho mwambo wa mpingo sukhalapo. Abusa sabwera, amayi savala yunifolomu, nyimbo siziimbidwa. Wonyamula uthengawo adali mkulu wa mpingo wa m'mudzi mwathu momwemo, kalipentala, munthu amene adakula akusewera masanje ndi azakhali. Adalankhula ataweramitsa mutu, chipewa chili m'manja. Ine ndidamuda usiku umenewo ndi chidani cha mnyamata wa zaka 16, chimene sichidziwa polekezera.

Papita zaka zambiri, ndipo m'zakazi ndapeza kuti funso limene lidandisowetsa tulo pasiwa ija ndi lakale ngati Chikhristu chenichenicho. Umodzi mwa mikangano yoyambirira ya Akhristu udabuka pa nkhani ya gome: ndani adye ndi ndani.

Zidachitikira ku Antiokeya, mzinda umene lero umatchedwa Antakya, m'dziko la Turkey. Kumeneko okhulupirira achiyuda ndi a mitundu ina ankadyera mbale imodzi, ndipo Petro atafika adadya nawo bwinobwino. Kenaka kudabwera alendo ochokera ku Yerusalemu, kwa Yakobo. Petro adayamba kudzipatula. Ena adamutsatira, mpaka Barnaba, mnzake wa Paulo wa pa maulendo. Paulo adamudzudzula Petro pamaso pa anthu onse, ndipo iye mwini ndiye amasimba nkhaniyi m'kalata yake kwa Agalatiya, mkwiyo usanaphwe.

Ife alaliki ndi omvera a masiku ano timafulumira kuwaseka alendo a ku Yerusalemu aja, ngati kuti adali anthu ouma mtima chabe. Si chilungamo. Zaka ngati 200 m'mbuyo mwake, cha m'ma 167 Yesu asanabadwe, mfumu Antiochus IV idaletsa mdulidwe ndi Sabata, ndipo makolo awo adaphedwa chifukwa chokana kudya nkhumba ndi kukana kusiya kudula ana awo. Chinthu chimene agogo ako adafera sungachitaye chifukwa mlaliki wina wa ku Tariso wanena kuti chatha ntchito. Kwa Myuda chilamulo chidali mphatso, chizindikiro cha pangano. Aphunzitsi achiyuda pambuyo pake adawerenga malamulo 613 m'mabuku asanu a Mose, 248 olamula ndi 365 oletsa, ndipo Maimonides, katswiri wa m'zaka za m'ma 1100, adawandandalika limodzilimodzi. Munthu sawerenga mosamala chonchi chinthu chimene sachikonda.

Nkhaniyi idakambidwa pa msonkhano wa ku Yerusalemu cha m'ma 49, ndipo adagwirizana kuti a mitundu ina asakakamizidwe mdulidwe. Komabe sadawasiye opanda malamulo. Adawapempha kupewa zinthu zinayi: nyama yoperekedwa kwa mafano, magazi, nyama yopotola ndi dama. Ndiye kuti ngakhale msonkhano wa ufuluwo udatha ndi kalata ya zoletsa. Mpingo wopanda malamulo sudakhalepo, ndipo ndikukayika ngati ungakhalepo.

Kalata kwa Agalatiya ndi yaukali kwambiri mwa makalata onse a Paulo. M'makalata ena amayamba ndi kuthokoza Mulungu chifukwa cha owerenga ake, koma umu sathokoza, amangoyamba n'kudabwa nawo. Amawatcha opusa. Pena amafika pofunira olimbikitsa mdulidwe aja kuti mpeni wawo uterereke n'kudula zonse, vesi limene sindidalimvepo likuwerengedwa pa ukwati. Koma pakati pa ukali wonsewo pali chifanizo chimodzi chofatsa. Paulo amafanizira chilamulo ndi kapolo wa m'nyumba za Agiriki amene ntchito yake idali kuperekeza mwana kusukulu ndi kumuyang'anira mpaka atakula. Omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922, adafunafuna mawu athu n'kusankha "namkungwi". Adasankha bwino. Namkungwi si mdani wa namwali. Amamulangiza, amamuopseza, amamuuza zoyenera ndi zosayenera, ndipo namwali wanzeru amamulemekeza moyo wake wonse. Koma chinamwali chimatha. Mayi wa ana atatu amene sangathire mchere m'ndiwo kapena kulandira mlendo asanakafunse namkungwi ndiye kuti chilangizo sichidamulowe.

M'malo mwa namkungwi, Paulo amaika Mzimu Woyera, ndipo pofotokoza zimene Mzimu amachita mwa munthu amasankha mawu oti chipatso. Amatchula zisanu ndi zinayi, chikondi chili patsogolo. Amene adadzalapo mtengo wa mango amadziwa kusiyana kwake. Mpanda ungathe kuteteza mtengo kuti mbuzi zisaudye, koma mpanda sudabalepo mango ngakhale limodzi. Kubala kumachokera m'kati.

Yesu mwiniwake sadatenge lamulo la chikondi kunja kwa chilamulo. Atafunsidwa lamulo lalikulu, adatola limodzi m'buku la Deuteronomo, lokonda Mulungu, ndi lina m'buku la Levitiko, lokonda mnansi. Adalowa m'nkhokwe ya Mose momwemo n'kutulutsa zimene zidali pansi pa zonse. Mikangano yake ndi atsogoleri pa za Sabata idali ya momwe lamulo liyenera kuwerengedwera. Mishnah, buku la miyambo yachiyuda lolembedwa cha m'ma 200, limatchula mitundu 39 ya ntchito zoletsedwa pa Sabata, komabe arabi omwewo ankaphunzitsa kuti moyo wa munthu ukakhala pangozi, Sabata limapatuka. Yesu adakankhira malirewo patsogolo. Mayi wopindika msana amene Luka amamusimba adakhala chomwecho zaka 18. Sakadafa akadadikira tsiku limodzi, ndipo mkulu wa sunagoge adanena zomwezo. Yesu adamukumbutsa kuti iye yemwe amamasula ng'ombe yake pa Sabata kukaimwetsa madzi. Kwa mkulu uja tsiku limodzi lidali laling'ono pa zaka 18. Kwa Yesu zaka 18 zidali zitakwana kale.

Mu fanizo la Msamariya, msewu wochokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko ndi wa makilomita pafupifupi 27, wotsetsereka mamita oposa 1,000 kudutsa m'chipululu cha miyala. Wansembe ndi Mlevi adalambalala munthu wovulala. Ambiri amaganiza kuti ankaopa kudetsedwa ndi mtembo, pakuti malamulo a ansembe adali okhwima pa zimenezo. Chimene chimandiopsa ine n'chakuti wansembe uja adatha kukafika kwawo, kusamba m'manja, kudya, n'kugona tulo tabwino, ali ndi chifukwa chomveka m'thumba.

Tsono apa ndiyenera kudziletsa, chifukwa nkhani yotere imakoma kwambiri kwa munthu amene akufuna chilolezo. Ndawamva anyamata ambiri, ena a iwo abusa, akuti "tili pansi pa chisomo" pamene akutanthauza kuti wina asawafunse za ndalama za mpingo kapena za mkazi wa mwini. Ndipo lamulo loletsa mowa lija silidagwe kumwamba ngati matalala. Akulu aja adaikapo anthu m'manda chifukwa cha kachasu. Adaona fetereza akugulitsidwa, mbuzi zikutha m'khola, amayi akubwera kutchalitchi maso atatupa. Ena mwa amene ankamwa pabwalo pa azakhali ankamwera ndalama ya fizi ya ana awo, kuti ine ndiphunzire. Mawu amenewa andivuta kulemba, koma ndi oona.

Paulo naye sadali munthu wa "chilichonse n'chabwino". Adakana kwamtuwagalu kuti Tito, Mgiriki, adulidwe, chifukwa ena ankafuna kuchisandutsa khomo la chipulumutso. Paulo yemweyo adamudula Timoteo, mwana wa mayi wachiyuda, kuti asakhumudwitse Ayuda a m'madera amene ankapitako. Mpeni womwewo, mayankho awiri. Kwa Akorinto adavomereza kuti nyama yoperekedwa kwa mafano ndi nyama basi, kenaka n'kunena kuti iye angalolere kuisiya moyo wake wonse ngati ikupunthwitsa mbale wofooka. Ufulu wa Paulo ndi ufulu wotha kudzimanga wekha chifukwa cha mnzako. Martin Luther adabwereza mfundo yomweyi mu 1520, m'kabuku kake konena za ufulu wa Mkhristu: munthu yemweyo ndi mfulu pamaso pa onse komanso ndi wantchito wa onse.

Ichi n'chimene sindinkachidziwa ndili ndi zaka 16. Ndinkayesa kuti chikondi ndi lamulo lofewetsedwa, ngati phala lothira madzi. Chikondi n'cholemera kuposa lamulo. Lamulo lili ndi pothera. Chakhumi ukapereka wapereka, mlembi walemba, khadi lasainidwa. Chikondi chilibe risiti. Sungafike pa tsiku loti unene kuti mnansi wanga ndamukonda zokwanira, tsopano nditseke buku. N'chifukwa chake, ndikuganiza, timakonda malamulo ngakhale timawadandaula. Amawerengeka. Bwalo la mpingo lingathe kuona mbiya ya mowa, mimba ya mtsikana wosakwatiwa, buluku la mayi, ndolo, tsitsi. Silingathe kuona kaduka. Silidaitanepo munthu chifukwa cholipira waganyu mochedwa, kapena chifukwa chosalankhulana ndi mchemwali wake zaka khumi pa nkhani ya malire a munda. Motero machimo ooneka, amene kawirikawiri ndi a amayi ndi a osauka, ndi amene amalipira msonkho wa machimo onse.

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti mpingo wathu udalakwitsa pa maliro a azakhali. Kuimitsa munthu pa mgonero kuli ndi cholinga, kuti abwerere. Koma wakufa sabwerera ku bwalo. Chilango cha pamaliro chimagwera otsala, ndipo otsala aja tidali ife, ana amasiye atatu ndi agogo okalamba. Kwathu timati maliro n'kulirana, ndipo nyimbo ya pamaliro imaimbidwira amoyo.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene chidani changa chidaibisa kwa zaka zambiri, ngakhale ndidaiona ndi maso anga. Usiku umenewo amayi a mpingo adabwera pafupifupi onse, atavala zitenje wamba. Adabwera ndi ufa, nkhuni ndi nyemba. Adakhala m'siwa chete, ndipo chete wa pamaliro ndi wolemera kuposa kulira. Pakati pa usiku mayi wina wokalamba adayamba kung'ung'udza nyimbo osatsegula pakamwa, wina adalandira, mpaka nyumba yonse inkalira ngati mng'oma wa njuchi. Palibe liwu limene lidatchulidwa. Sindikudziwa ngati bwalo likadati kumeneko n'kuimba.

Ndipo kuseri kwa mudzi, usiku wonse, kunkamveka sowo ndi hamala. Ine ndinkangoyesa phokoso. M'mamawa, adzukulu asanabwere kuchokera kumanda, kudafika ngolo itanyamula bokosi la matabwa a mlombwa, lopalidwa bwino, la mtundu umene m'mudzi mwathu ankaikira mafumu. Banja lathu lidali litakonzeka kuika azakhali mu mphasa. Woyendetsa ngoloyo adali mkulu wa mpingo uja, maso ali psuu, utuchi uli m'tsitsi. Amalume atafunsa mtengo, iye adangopukusa mutu n'kukakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi amuna ena. Kumanda sadapemphere mokweza, sadalalike, sadaimbe. Adagwira nawo chingwe potsitsa bokosi.

Ndidakamuona nditayamba kale ntchito, iye atakalamba, maso atayamba kuchita khungu. Tidakhala pakhonde pake, ndipo nditazungulirazungulira ndi nkhani za mvula ndi mitengo ya fetereza, ndidafunsa.

"Agogo, inu ndi amene mudabweretsa uthenga woti azakhali asaimbiridwe. Nanga bokosi lija mudapangiranji?"

Adakhala chete nthawi yaitali, akusisita bondo.

"Mwanawe, pa bwalo paja ine ndidavomera nawo, ndipo sindingakunamize kuti ndidakana. Koma adatiuza za nyimbo. Za matabwa sadanenepo kanthu."

Kenaka adandiuza kuti matabwa aja adawasunga zaka zisanu ndi chimodzi kudenga la nyumba yake, ndipo adali a bokosi lake lomwe. Adaitana mdzukulu wake kuti atibweretsere thobwa.