Maloboti m'nkhokwe za golosale: katundu akufika msanga, nanga antchito alowera kuti?

M'tauni ya Andover, kummwera kwa dziko la England, muli nkhokwe yaikulu ya katundu wa golosale yomwe ntchito yonyamula katundu amagwira ndi maloboti. Nkhokweyi ndi ya kampani ya Ocado, yomwe inakhazikitsidwa mu 2000. Kampaniyi ilibe sitolo yoti munthu n'kulowamo ndi dengu. Wogula amaitanitsa mkaka, buledi, nyama kapena sopo kudzera pa intaneti, ndipo galimoto imam'bweretsera pakhomo.

Kodi ntchitoyi imayenda bwanji? Tangoganizirani chisa cha njuchi chokhala ndi zipinda zikwizikwi. M'chipinda chilichonse asanjamo makreti a katundu, ina pamwamba pa inzake. Pamwamba pa zipindazo pali tinjanji, ndipo pa tinjanjipo pamayenda maloboti oposa 1,000, lililonse kukula kwake ngati makina ochapira zovala. Liwiro lake limafika mamita 4 pa sekondi. Kompyuta ndiyo imauza loboti lililonse kopita kuti lisawombane ndi linzake. Lobotilo limakoka kreti yofunika n'kukaitula pomwe munthu, kapena mkono wa makina, akulongedza katundu m'majumbo. Oda ya zinthu 50 imatha kusonkhanitsidwa m'mphindi pafupifupi 5.

Ubwino wake ulipo, ndipo ukukhudza thanzi. Choyamba, kompyuta imadziwa tsiku lomwe chakudya chilichonse chidzawonongeke, motero chomwe chatsala pang'ono kutha mphamvu chimatuluka msanga. Chachiwiri, nyama, mkaka ndi nsomba zimakhala pozizira mpaka nthawi yokweza m'galimoto. Izi si zazing'ono. Mu 2019, bungwe la FAO linanena kuti pafupifupi 14 peresenti ya chakudya cha padziko lonse imawonongeka chichokereni kumunda chisanafike m'sitolo. Chachitatu, wantchito sayendanso mtunda wautali m'nkhokwe tsiku lonse akukankha ngolo, chifukwa katundu ndiye amabwera pomwe iye waima.

Komatu walira mvula walira matope. Mu February 2019 nkhokwe ya ku Andover inapsa, ndipo moto unayaka kwa masiku angapo. Kafukufuku anapeza kuti motowo unayambira pa chipangizo chotchajira mabatire a maloboti. Anachita kuimanganso. Mu July 2021 moto wina unabuka m'nkhokwe ya kampani yomweyi ku Erith, kummawa kwa London, maloboti atatu atawombana. Maoda ambirimbiri analephereka. Chakudya cha mabanja ochuluka chikamadalira nyumba imodzi, vuto la nyumba imodziyo limafika m'makhitchini a onsewo.

Matope enieni ali pa nkhani ya ntchito. Mu April 2023, Ocado inalengeza kuti itseka nkhokwe yake yakale kwambiri ya ku Hatfield, yomwe inkadalira kwambiri manja a anthu. Ntchito za anthu pafupifupi 2,300 zinakhala pachiswe. Maoda a ku Hatfield anawasamutsira ku nkhokwe za maloboti, kuphatikizapo yatsopano ya ku Luton, ndipo kampaniyi inati iyesetsa kupezera antchitowo malo m'nthambi zake zina.

N'zoona kuti makina amabweretsa ntchito zatsopano. Pamafunika amisiri okonza maloboti, akatswiri a kompyuta komanso madalaivala. Koma bambo amene wakhala akunyamula makatoni kwa zaka 15 sangasanduke mmisiri wa maloboti m'sabata imodzi. Akufunika maphunziro, nthawi, ndiponso ndalama zodyetsera ana ake pomwe akuphunzirapo. Ngati ntchito yatsopanoyo ili m'tauni ina, pali lendi, thiransipoti ndi sukulu ya ana zoti aganizire. Nawonso otsala pantchito ali ndi mtolo wawo: kuima pamalo amodzi maola ambiri, kubwereza ntchito imodzimodzi pa liwiro lomwe akhazikitsa ndi makina.

Nkhaniyi si yachilendo. Mu 1891, mafakitale atasintha moyo wa antchito ku Ulaya, Papa Leo wa 13 analemba kalata ya Rerum Novarum yoteteza malipiro oyenera ndi ufulu wa antchito wokhala ndi mabungwe awo. Mu May 2025, Papa Leo wa 14 anauza makadinala kuti anasankha dzinali pokumbukira kalata imeneyi, poti nzeru za makina zabweretsa mafunso atsopano pa ulemu wa munthu, chilungamo ndi ntchito.

Choncho kampani ikamawerengetsera mphindi zomwe loboti lipulumutse, iwerengenso anthu omwe achoke. Auzidwe nthawi ikadalipo, aphunzitsidwe luso lina ndi ndalama za kampaniyo, ndipo mawu awo amveke makina asanagulidwe. Loboti likatha ntchito amalitchaja batire basi, koma wantchito akaweruka amakapeza ana akudikira chakudya.