Mzinda wakale sauonera pawindo la minibasi

Anthu ambiri amayesa kuti ntchito yathu ife otsogolera alendo ndi kunyamulira azungu zikwama ndi kuloweza zaka pamtima. Ntchito yeniyeni ndi kusankha poyambira, podzera ndi pothera, kuti malo amene munthu akanangodutsa osacheuka ayambe kumveka. Mzinda wakale sudzifotokoza wokha: umafuna munthu woyenda wapansi, wosathamanga, ndi wina womuuza chimene chinachitika pamene waimapo. Ndisonyeza zimenezi ndi Nkhotakota, chifukwa munthu wa ku Kaliyeka, ku Kawale kapena ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe akhoza kulawira Loweruka n'kubwerako Lamulungu madzulo, komanso chifukwa ambiri tinadutsapo kale popita ku Dwangwa kapena ku Nkhata Bay, osaona china koma sitolo za m'mbali mwa msewu wa M5. Tauni yakale ili kumunsi, kunyanja.

N'chifukwa chake ulendo wokonzedwa bwino umayambira kugombe, m'mamawa asodzi akukocheza. Amene anayamba waona madzi savutika kumvetsa chimene chinakopa Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, kudzamanga linga lake pano cha m'ma 1840: doko labata lobisika ku mafunde, ndipo tsidya lina kuli njira ya ku Kilwa, kunyanja yamchere. Minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa kumtunda kuno ankaoloka pa zombo kuchokera pamchenga womwewu, kenaka anthuwo n'kuyenda wapansi miyezi yathunthu. Mukachoka kugombe mumalowa m'tinjira ta ku Linga, kumene kuli mizikiti ndi mbumba za anthu a nthawi ya Jumbe. Mukatero ndiye mufike pa mkuyu wa pa chipatala cha St Anne's, pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863 kumupempha kuti aleke malonda a anthu. Jumbe sanaleke. Malondawo anapitirira mpaka m'ma 1890, boma la atsamunda litakhazikika. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, momwe munaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895. Ulendo umathera pa 1960, chaka chimene Kamuzu Banda anatuluka kundende ya Gwelo, ndipo msonkhano wa Malawi Congress Party umene unachitikira ku Nkhotakota konkuno unamusankha kukhala mtsogoleri wa chipanicho moyo wake wonse. Mwayenda mtunda wochepa, koma mwatsata zaka zoposa 100 m'ndondomeko yake. Mukayambira pamtengo, monga amachitira ambiri ofulumira, mumaona Livingstone akudandaula musanaone chimene akudandaulira.

Wina anena kuti: zonsezi ndamva, koma chooneka n'chiyani, mtengo ndi mchenga basi? Funsoli ndi lachilungamo, pakuti nyumba za nthawi ya Jumbe zambiri zinali zadothi ndi udzu, ndipo chiswe ndi mvula sizisunga mbiri. Koma taonani ku Roma, mzinda wa ku Italy umene timauyesa chitsanzo cha zakale. Circus Maximus, bwalo limene anthu miyandamiyanda ankaonerapo mijaha ya magaleta okokedwa ndi akavalo, lero mbali yake yaikulu ndi chigwa cha udzu ndi fumbi. Alendo amaimapobe chifukwa wina anawauza chimene chinali pamenepo. Ku Italy munthu salandira chiphaso chotsogolera alendo asanakhoze mayeso, chifukwa anazindikira kuti chimene mlendo amalipira ndi kufotokozako. Malo athu nawo si opepuka ayi: mu 2011 dziko lino linapereka njira za akapolo ndi za Livingstone ku UNESCO kuti ziganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo Nkhotakota ili momwemo.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi china: bwanji kufukula nkhani yowawa, imene ingadanitse Asilamu ndi Akhristu okhala khomo limodzi? Apa ndi pamene wotsogolera wodziwa amasiyana ndi wongolubwa. Wodziwa amanena zonse. Amanena kuti Jumbe sakanagwira anthu yekha popanda mafumu ndi amalonda a kumtunda amene ankalandira nsalu, mikanda ndi mfuti. Amanenanso kuti njira yomweyo inabweretsa Chisilamu ndi ulimi wa mpunga umene lero tikudya ku Lilongwe, ndi kuti wopemphera mumzikiti wa ku Linga lero sanagulitse munthu aliyense. Ku Roma sanagwetse Colosseum, nyumba yakale ya masewera, ngakhale kuti anthu ankaphedweramo. Amaionetsa, n'kunena zimene zinkachitikamo. Ine ndimaona kuti udani umamera bwino pamene aliyense akusunga theka lake la nkhani, ndipo mwana wa sukulu ku Kaliyeka amene anawerenga za ukapolo m'buku ayenera kuponda mchenga umenewo kuti adziwe kuti ogulitsidwawo anali anthu a chilankhulo chake.

Za lamya yam'manja sindichulukitsa: intaneti ikupatsani chaka, koma sikuuzani nyumba yoyenera kuodira kapena mkulu wofunika kumulonjera musanajambule. Nkhani ya ndalama ndiyo yoona, ndipo njira yake ndi gulu. Kwaya, bungwe la amayi, banki m'khonde kapena kalasi akasonkherana n'kubwereka minibasi imodzi, mtengo wa munthu mmodzi umatsika, ndipo wotsogolera wa komweko mumamulipira pamodzi. Gwirizanani naye mtengo musanayambe kuyenda, ndipo mufunseni ngati ulendo wake ukuyambira kunyanja. Yankho lake likuuzani ngati akudziwa ntchito. Wopita yekha akwere ku depoti mbandakucha, adzere ku Salima, ndipo kuchokera pamsewu kutsikira kunyanja kabaza alipo. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 200, koma musawerengere makilomita okha, chifukwa minibasi imaima paliponse, ndipo nthawi ya dzinja milatho ya msewu wa m'mbali mwa nyanja imavuta, choncho funsani kaye za msewu musananyamuke. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala kutentha kwa kunyanja kumafooketsa munthu wozolowera mphepo ya ku Lilongwe, ndiye yendani m'mawa ndi madzulo, masana mupumule. Fufuzani ngati pogona pali neti, poti udzudzu wa kumeneko ndi wambiri. Amayi atenge chitenje ndi mpango polowa ku mizikiti, onse avule nsapato pakhomo, ndipo Lachisanu masana ndi nthawi ya mapemphero, si yoonera malo. Nkhomaliro idyeni m'tauni momwemo, kondowole kapena mpunga ndi nsomba za tsiku lomwelo, kuti ndalama yanu itsale kwa eni mbiriyo. Nsomba za kunyumba gulani pobwerera, pa Chia, ndipo ngati gulu lili ndi tsiku lachitatu, nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve, imene inalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, imafuna galimoto yolimba ndi kulankhulana ndi oyang'anira pasadakhale.